Tintchentche Totuluka Pansi

Ine ndi tintchentche ta pa zipatso tinadana kalekale, nkhondo isanafike n'komwe kwathu. Ndikunena tija ting'onoting'ono tofiira maso, tomwe sitilira ngati ntchentche zinzake. Timangoyandama mwakachetechete pamwamba pa nthochi yakupsa kapena pa chipanda cha mowa, ndipo ukati utiwombe m'manja umangodzipweteka wekha. Poyamba tinkangondinyansa. Koma mu Disembala wa 1986 ndinatiopa kuposa mfuti.

Dzina langa ndine Terezinha, ngakhale pamudzi ankandiitana amake Ana. Mudzi wathu unali kuseri kwa Ntengo-Wambalame, kumapiri kozizira kuja komwe kumabereka kachewere ndi mapesegu, omwe anzathu a ku Malawi amati mapichesi. Amuna anga a Paulino anali purofesori pa shikola ya pamudzipo. Kwawo n'ku Furancungo, kwathu anabwera ndi ntchito. Masiku amenewo uphunzitsi unali tsoka. Anthu a mfuti a kutchire akalowa m'mudzi ankayamba kufunsa mphunzitsi, namwino ndi mlembi, ndipo amene ankamupeza sankamufunsa zambiri. Ana, mwana wathu mmodzi yekhayo, tinali titamutumiza kale kwa achemwali anga kutsidya kwa malire.

Kuseri kwa nyumba tinali ndi kanyumba kophikira, kamene kwathu timati kuzinya. Pangodya pake a Paulino anakumbapo dzenje lolekeza m'chiuno, loti munthu n'kugonamo atapinda miyendo. Pamwamba tinagonekapo chitseko chakale n'kuthira dothi. Tinkabisamo mchere, nsalu ndi mabuku awo. M'mphepete mwa chitsekocho, cha kukhoma, munatsala mng'alu woti n'kulowa chala, ndipo ndinkaubisa ndi mtsuko wa madzi.

Lachiwiri lina m'mawa ndinali nditangotula dengu la mapesegu pakhomo pa kuzinya, ena othyola, ena otola pansi akupsa mpaka kufewa. Ndinamva agalu a kumunsi kwa mudzi akuuwa onse pamodzi, kenaka mfuti inalira kawiri. A Paulino anatuluka m'nyumba nsapato ili phazi limodzi. Zothawira kuphiri panalibenso, anthuwo anali atatseka kale njira zonse ziwiri.

"Lowani m'dzenje," ndinatero.

"Nanga iwe?"

"Ine sindiphunzitsa mwana wa munthu. Lowani!"

Ndinawaponyera chipanda cha madzi ndi dengu lonse la mapesegu, poti ndicho chakudya chomwe chinali pafupi ndi dzanja. Ndinatseka, ndinamwaza dothi ndi phulusa pamwamba, n'kubwezera mtsuko pamalo pake. Mumtima ndinkati anthuwa akangotenga mbuzi ndi ufa achoka dzuwa lisanapendeke. Ndi mmene ankachitira m'midzi ina.

Sanachoke. Mkulu wawo, yemwe ankamutcha komandanti, anaikonda nyumba yathu chifukwa cha malata. Amene anamufikitsa pakhomo anali a Ernesto, oyandikana nafe nyumba, omwe anavomera kumalozera anthuwo makomo kuti apulumutse khosi lawo.

"Purofesori ali kuti?" komandanti anandifunsa. Anali munthu wowonda, wolankhula motsitsa mawu, ndipo zimenezo zinkaopsa kuposa kukalipa.

"Anapita ku Furancungo, amayi awo akudwala."

"Liti?"

"Sabata yatha."

Anatembenukira kwa a Ernesto. Iwo anayang'ana zala zawo za kumapazi n'kunena kuti n'zoona, papita masiku osawaona. Kaya anandichitira chifundo, kaya mantha anawasokoneza mutu, mpaka lero sindidziwa.

Anasankha azimayi awiri oti tiziwaphikira: ine mwini kuzinya, ndi a Doroteia, akazi a Ernesto. Kunena zoona, akanandipatsa njoka ndikanathokoza. Mayi amenewa tinali titatha zaka zinayi tikupatsana moni wa pakamwa pokha. Anali aukhondo wopyola muyeso, ndipo ukhondo wawowo sunkathera kunyumba kwawo. Akalowa kwa mnzawo maso ankayambira kudenga n'kumatsika, mphuno itakwinyika. Pa kuzira ndiye panalibe wowaposa m'mudzi monse. Ankakakumba okha dothi lakuda kudambo, n'kulisalaza ndi nkhulungo mpaka pansi kuwala. Tsiku lina pamtondo, anthu ali gwa, ananena kuti ine ndimazira ngati nkhuku ikupalasa. Kuyambira pamenepo ndinkawatcha a Inspetora, ndipo dzinalo linamera mudzi wonse.

Anthu aja anayamba kusonkhanitsa kachewere ndi nyemba za m'mudzi, matumba n'kumawaunjika m'kuzinya mwanga kuopa mvula. Anayi anakhala ndendende pamwamba pa chitseko chija. Ndinaima pamenepo chikho chili m'manja, ndikungoonerera. Mwamwayi mng'alu uja unatsala, poti mtsuko sanausunthe. Pakhomo pankakhala mlonda, mfuti ili pamiyendo, kutiyang'anira kuti tingawathirire zoipa m'ndiwo.

Ndikamatunga madzi mumtsuko ndinkatayira dala ena kukhoma kuti atsikire mumng'alu. Ndikakanda khomalo kawiri ndi chikho, pansi pankamveka kugogoda kamodzi, kochepa kwambiri moti wina akanati ndi chiswe. Ndi mmene ndinkadziwira kuti ndikadali ndi mwamuna. Moto sindinkauzimitsa, ndipo ndinkasonkheza nkhuni zaziwisi kuti utsi ubise fungo lililonse lochokera pansi. A Doroteia ankadandaula kuti ndiwapha maso, ine n'kuwonjezera nkhuni zina.

Lachisanu masana kunatentha, ndipo ndinaona tintchentche titatu pakhosi pa mtsuko. Ndinatikupiza ndi nsalu. Loweruka m'mawa tinali titachuluka moti pangodya ponse pankaoneka ngati pakufuka. Mapesegu aja anali akuola pansipo, ndipo tizilomboto tinkakwera mumng'alu mondondozana, n'kumayandama pamwamba penipeni pa malo amene ndinkafuna kuti munthu asayang'anepo.

Ndinachita zonse zomwe mayi aliyense amadziwa. Ndinathyola mpungabwi kuseri kwa khola, wina ndinaupachika kukhoma, wina ndinauponya pamoto. Makoko a kachewere ndi zotsala za ndiwo ndinkakataya kutali, miphika ndinaitsuka ndi madzi otentha n'kuivundikira, pansi ponyowa ndinathirapo phulusa. Zonsezi zimathandiza ngati pomwe tikuswanirana pali poonekera, ukangochotsa chowolacho nkhani yatha. Changa chowola chinali pansi pa matumba anayi, pambali pa munthu wamoyo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

A Doroteia ankandiyang'ana ndikuvutika, manja ali m'chiuno.

"Amake Ana, mpungabwi ngwa udzudzu. Iti sitiopa fungo, timalitsata. Tapatseni garafa."

Anatenga botolo lopanda kanthu, anathiramo masese osasa otsala mumtsuko wa anthu aja, anapalira tizidutswa ta sopo, amene kwathu timati sabawu, n'kugwedeza. Pakamwa pake anaikapo tsamba la nthochi atalikulunga, kumwamba kotambalala, kumunsi kachibowo kakang'ono.

"Tikanunkhiza mowa tilowa. Tikatera, sabawu atimiza. Potulukira sitipaona. Kodi kwanu sanakuphunzitseni?"

"Kwathu kunalibe a Inspetora," ndinayankha.

Msamphawo unagwiradi ntchito, ndisaname. Pofika masana pamwamba pa masese panali bii. Koma ukapha makumi awiri pansi pankatuluka makumi anayi.

Dzuwa litapendeka komandanti analowa yekha m'kuzinya kudzapala moto wa fodya, kapu ya kachasu ili kudzanja. Asanayatse n'komwe, tiwiri tinagwera m'kapumo. Anativuula ndi chala pang'onopang'ono, n'kuyang'ana pangodya paja nthawi yaitali.

"Ine anandilera ndi mayi wotcheza kachasu," anatero. "Tizilombo iti sitibwera pachabe. Muno muli munthu wakwirira mowa kapena zipatso, akutimana."

"Ndi nyengo yake, akuluakulu," ndinatero. "Mapesegu akamapsa timadzaza paliponse."

"Paliponse? M'nyumba muja mulibe. Mawa masana ndikadzapeza zili chonchi, tichotsa matumba awa tikumbe pansi ponse. Chomwe tipeze, mwini wake adzatifotokozera."

Ndisanapeze chonena, a Doroteia analowererapo, monga mwa khalidwe lawo.

"N'zosavuta. Tifukize tsabola wouma, titseke chitseko mpaka m'mawa. Sipatsala kamodzi."

"Iyayi!" Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Munthu ali m'dzenje, utsi wa tsabola n'kutsikira mmenemo, angapirire osatsokomola? "Utsi wa tsabola ulowa mu ufa wa akuluakulu. Adya bwanji zoyabwa kukhosi?"

A Doroteia anandiyang'ana. Masiku anayi ndinali nditawafukiza ndi nkhuni zaziwisi osadandaula za ufa, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti akukumbukira.

"Ndiye tizire," anatero. "Timaswana m'ming'alu mwachinyezi. Ndinanena kale kuti pansi pano sipaziridwa bwino, anthu anati ndine wamwano. Tikamata ming'alu yonse titha."

"Zirani," komandanti anatero, n'kutuluka.

Ndinawada mayi amenewa tsiku limenelo kuposa zaka zinayi zonse kuphatikiza. Mng'alu umene ankati timate ndiwo unali mphuno ya amuna anga. Ndikausiya, tintchentche tiwaulula. Ndikaumata, ndawakwirira ndekha ndi manja anga.

Lamulungu m'mawa a Doroteia anapita kudambo kokakumba dothi lawo lakuda, munthu wina wa mfuti ali pambuyo. Mlonda wa pakhomo anali atafulatira, akuwothera dzuwa. Ndinasolola bango pa mpanda wa bafa, ndinalidula kutalika kwa mkono, mfundo zake ndinazibowola ndi waya. Ndinatenga chipanda chakale n'kuchibowola kumunsi. Bango ndinalilowetsa mumng'alu mpaka ndinamva dzanja likuligwira pansi. Nsonga yake ya kumwamba ndinaipisa m'chipanda muja, n'kumata pobowolapo ndi phula, kenaka ndinathiramo masese pang'ono, osafika pamene panalekeza bango. Munthu wongoyang'ana akanati ndi msampha wachiwiri. Tintchentche tikamazungulira pa msampha palibe amene amadabwa.

Ndinagwada ngati ndikukolezera moto.

"Pumirani m'bangomo," ndinanong'ona. "Ndikumata."

Anagogoda kamodzi.

A Doroteia atabwera anakanda dothi lawo n'kuyamba kuzira kuchokera kukhomo, atagwada, akuzungulira matumba. Dzanja lawo linkayenda mofulumira, pambuyo pake posatsala ndi kamzere komwe. Atayandikira pangodya ndinawatchingira.

"Apa ndizira ndekha."

"Ngati nkhuku?"

"Ngati nkhuku. Ndi kuzinya kwanga."

Ndinamata mng'alu wonse kuyambira uku mpaka uko, ndinazira kuzungulira chipanda kuti chikhazikike. Ntchitoyo inaonekadi ngati ya nkhuku. Nditamaliza, mpweya wa a Paulino unatsala wodutsa m'kabowo kochepa kuposa chala changa chaching'ono.

Masana komandanti anabwera monga ananenera. Tintchentche tinali titachepa, totsalato tikuzungulira pa botolo ndi pa chipanda. Anayang'ana pansi ponyowa, anayang'ana misampha iwiriyo, anandiyang'ana ine. Anangoti, "Está bem," kutanthauza kuti chabwino, n'kubwerera kunyumba. Ndinapuma koyamba kuyambira dzulo lake.

Ndinafulumira kupuma. Nditatembenuka ndinapeza a Doroteia atanyonyomala pa chipanda changa, mutu atapendeka, ali duu. Anakhala choncho nthawi yoti munthu n'kusenda kachewere asanu.

"Amake Ana," anatero motsitsa, "msampha wanu ngwachilendo."

"Chalakwika n'chiyani tsopano?"

"Mwanga tikulowa. Mwanu tikutuluka."

Anakweza dzanja n'kuika kuseri kwake pakamwa pa chipanda, monga timachitira poyesa ngati mwana watentha thupi. Ndinaona ubweya wa pamkono pawo ukugwedezeka pang'ono, kuleka, kugwedezekanso. Nkhope yawo inasintha. Anayang'ana matumba anayi aja, anayang'ana mlonda pakhomo, kenaka maso athu anakumana. Mawu amodzi okha akanakwanira, ndipo amuna awo akanasanduka munthu wodalirika kwa komandanti.

Anaimirira n'kupukuta manja pansalu.

"Mwachepetsa sabawu," anatero mokweza. "Zinthu zanu zonse n'zoperewera."

Anamasula mfundo ya kumpendero kwa nsalu yawo n'kutulutsa kachidutswa ka sabawu kowonda ngati tsamba. Chaka chimenecho sabawu ankasowa kuposa nyama, ndipo kameneko n'komwe kanawatsalira. Anakaponya m'chipanda chonse.

Mlonda uja atamva fungo la masese anadzuka n'kulowa, akuti apatsidweko atsitsire kukhosi. Dzanja lake linali litafika kale pa chipanda.

"Imwani, bambo," a Doroteia anatero osatembenuka n'komwe. "Muli sabawu ndi mikodzo ya mbuzi. Ndi zomwe timatiphera."

Munthuyo analavula, anatitukwana tonse awiri, n'kubwerera pa dzuwa lake.

Mwina mukuganiza kuti apo mtima wanga unakhala pansi. Ayi ndithu. Munthu amene wadana naye zaka zinayi sumukhulupirira chifukwa cha kachidutswa ka sabawu. Chakumadzulo ndinawaona ataima pampanda ndi a Ernesto, akulankhula mitu itagundana, ndipo a Ernesto anacheukira kuzinya kwanga kawiri. Ndinadziuza kuti mayiyu akungodikira nthawi yabwino yoti agulitse nkhaniyi. Ndiwo za tsiku limenelo ndinathira mchere kawiri.

Lolemba m'mawa kunamveka likhweru. Anthu aja ankanyamuka. Anatisonkhanitsa pabwalo la shikola, onse amene tinali ndi miyendo, n'kuyamba kutisenzetsa katundu wopita kumsasa wawo kumapiri. Onyamula anachepa, matumba anachuluka. Komandanti anati otsalawo adzatengedwa pambuyo, ndipo anasiya mlonda uja kuti awayang'anire. A Doroteia anawasiya kuti azimuphikira, a Ernesto kuti azimulozera njira. Ine anandiloza ndi ndodo.

Atandituma kukatenga thumba m'kuzinya ndinathamangira pa anayi aja.

"Kachewere wabwino ali umu, tiyambe awa."

"Senza la nyemba ilo," mlonda anatero. "Ndani wakufunsa?"

Ndinapempha kumwa madzi. Ndinakanda khoma kawiri ndi chikho n'kudikira. Palibe. Ndinamwa pang'onopang'ono, madzi akutsikira m'chibwano, khutu lili pansi. Kugogoda kunabwera mochedwa, kofooka, ngati kwa munthu amene waiwala kuti dzanja amalikweza bwanji. Linali tsiku lawo lachisanu ndi chiwiri m'dzenjemo.

Ndikutuluka thumba lili pamutu, a Doroteia anali ataima pakhomo ndi tsache.

"Muyende bwino, amake Ana," anatero pamaso pa anthu onse aja. "Tintchentche tanu nditimaliza ndine. Ndapaona pomwe tikuswanirana."

Mawu amenewo ndinawasenza pamodzi ndi nyemba. Masiku awiri tinakwera ndi kutsika mapiri, mvula ikutinyowetsa, ndipo phazi lililonse ndinkawatembenuza. Nditimaliza ndine. Amati chiyani? Awauza amuna awo? Atseka bango ndi chala cha dothi kuti mlandu uthere pansi pomwepo? Ndinawatemberera ndi matemberero omwe sindingawabwereze pano, ine munthu wobatizidwa.

Lachitatu m'mawa, pa mtsinje wina, anatilandira katundu anthu awo a tsidya linalo, ife azimayi n'kutiuza kuti tibwerere tisanawakwiyitse. Anzanga analunjika ku malire. Ine ndinabwerera kumudzi ndekha, mapazi atatupa, ndikudya mapesegu a m'minda ya eni osawafunsa.

Ndinafika Lachinayi dzuwa lili pamutu. Mudzi unali zii, wopanda galu, wopanda nkhuku, zitseko zili pululu. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba yathu, ndipo ndisanafike pa kuzinya ndinamva kulira kwa ntchentche.

Ndanena kale kuti tintchentche ta pa zipatso sitilira. Zolira ndi zija zikuluzikulu zobiriwira, ndipo munthu wa kumudzi aliyense amadziwa chomwe zimatsata. Ndinakhala pansi pomwepo pamatope. Ndinaitana dzina la a Paulino, ine amene sindinawatchulepo dzina chikwatiwireni. Kenaka ndinakwawa mpaka pakhomo.

Matumba munalibe. Chitseko cha dzenje chinali chitakanganulidwa n'kuponyedwa pambali, theka lake litaziridwa kumene ndi dothi lakuda, losalala bwino, theka linalo likadali matabwa. Pa dothi latsopanolo panali mapazi a nsapato. M'dzenje munali nthanga za mapesegu, chipanda cha madzi ndi mabuku onyowa. Munthu munalibe.

A Doroteia anali atagona chammbali pafupi ndi mafuwa. Manja awo anali akuda ndi dothi mpaka m'zigongono, nkhulungo ili pafupi ndi zala. Ntchentche zinali pa iwo.

Sindikumbukira kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Panalibe mwamuna wokumba manda, panalibe wa mpingo, panalibe ndi mmodzi yemwe wolira nane. Ndinatulutsa zonse m'dzenje muja, ndinalisesa, ndinayalamo nsalu yanga yabwino yomwe tinabisamo. Ndinawasambitsa nkhope ndi madzi a mumtsuko, koma manja ndinawasiya ndi dothi lawo. Ndinawagoneka mmenemo, ndinanena Atate Athu, ndinabwezera chitseko. Dothi lomwe anakanda linali likadali m'phale, litauma pamwamba pokha. Ndinalithira madzi n'kumaliza theka lomwe anasiya, ndi nkhulungo yawo yomwe.

A Paulino ndinawapeza patatha masabata awiri, kutsidya kwa malire, pa msasa wa anthu othawa nkhondo. Anali atakhala pa mwala Ana ali pamiyendo, atawonda moti ndinawadutsa kaye. Miyendo inali isanawongoke bwino. Titalira n'kutopa, anandifotokozera.

Masiku awiri nditachoka, a Doroteia ankawatsitsira phala lamadzimadzi kudzera m'bango lija, mlonda akafulatira. Lachitatu m'mawa mlondayo anatengana ndi a Ernesto kupita kumudzi wina kukagwira anthu odzanyamula matumba otsala. A Doroteia anakoka matumba anayi aja okha, anaswa dothi ndi khasu, anawatulutsa pogwira m'khwapa. Anawathowa miyendo ndi madzi otentha mpaka anatha kuima, anawafunditsa nsalu yachizimayi, n'kuwapatsa ndodo.

"Ndinawauza kuti tithawire limodzi," a Paulino anatero. "Anakana. Anati anthu aja akadzapeza dzenje ili losatseka adzadziwa kuti munali munthu, ndipo akazi anu ali m'manja mwawo. Anati atseka, azire, abwezere matumba, ndiye anditsatira. Ndinali ndisanapitirire chigwa cha kumunsi kwa tchalitchi pamene ndinamva mfuti. Inalira kamodzi."

Lachitatu m'mawa. Nthawi imene ankakanda dothi kuti anditchinjirize, ine ndinali nditamasulidwa kale pa mtsinje paja, ndikubwerera, ndikuwatukwana njira yonse. A Ernesto sitinawaonenso, ndipo palibe amene anatiuza komwe anathera.

"Anandipatsanso uthenga wako," a Paulino anatero. "Ndinalonjeza kuti ndidzanena mmene ananenera."

"Nenani."

"Anati, mukawauze amake Ana kuti za bango zija anaganiza bwino. Koma kuzira sakudziwabe."

Ndinaseka, kenaka kusekako kunasanduka china, mpaka azimayi a m'misasa yoyandikana anatuluka kudzaona amene wamwalira.

Nkhondo itatha tinabwerera. Nyumba ya malata tinaipeza itagwa, koma kuzinya tinaimanganso pamalo pomwepo, ndipo pangodya paja sitiikapo thumba kapena mtsuko. Chaka chilichonse mapesegu akayamba kupsa ndimapita kudambo kukakumba dothi lakuda, n'kugwada pamenepo ndi nkhulungo yawo. Ndimazira, n'kubwereza, n'kubwerezanso. Likauma pamaonekabe mizere.